Kafue ndi Mabuku a Masiku Otsiriza

Tauni ya Kafue idabadwa ndi mlatho. Njanji yochokera ku Livingstone itafika pa mtsinje wa Kafue mu 1906, padamangidwa mlatho wachitsulo wautali mamita oposa 400, ndipo pafupi ndi siteshoni padayamba kumera timasitolo ndi nyumba. Koma Kafue amene akuluakulu a lero amamukumbukira ndi wa pambuyo pa ufulu wa 1964, pamene boma la Kenneth Kaunda lidasankha malowa, makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka, kuti pakhale mafakitale. Kafue Textiles inkaomba nsalu, Nitrogen Chemicals of Zambia idayamba kupanga feteleza mu 1970, Bata inkafufuta zikopa, ndipo antchito adawamangira nyumba ku Kafue Estates. Anthu adabwera kuchokera m'zigawo zonse chifukwa ntchito inalipo ndipo malipiro ankatuluka mwezi ukatha. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, chuma cha dziko chidayamba kutsimphina. M'zaka za m'ma 1990 boma la Frederick Chiluba lidatsegula zipata za malonda, salaula adadzaza misika, makampani a boma ena adagulitsidwa, ena adafota. Fakitale ya nsalu idatsekedwa, ya feteleza idatsala ikugwira ntchito mwa apo ndi apo, antchito ake akumakhala miyezi osalandira. Edzi nayo inkatenga amuna ndi akazi a msinkhu wolera ana. Zonsezi zinkachitika m'dziko limene Chiluba yemweyo, pa 29 Disembala 1991, adalilengeza kuti ndi lachikhristu, choncho funso loti Mulungu ali kuti silidachokere kwa anthu osapemphera. Lidabuka m'tchalitchi momwemo.

Masoka a posachedwapa adabwera motsatizana. Kolera amene adabuka mu Okutobala 2023 adapha anthu oposa 700, ambiri a iwo m'chigawo cha Lusaka, mpaka bwalo la masewero la National Heroes lidasanduka chipatala ndipo sukulu zidatsegulidwa mochedwa pa 12 Febuluwale 2024. Pa 29 mwezi womwewo Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala, chimanga cha mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi chitapserera m'minda. Madzi atachepa ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, magetsi ankazima nthawi yaitali kuposa imene ankayaka, ndipo zigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi a ku Kafue ankangokhala manja lende, ngakhale malo awiri aakulu opangira magetsi a Kafue Gorge ali kumunsi kwa mtsinje wawo womwewo. Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungira zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach ku Chambishi lidagumuka. Madzi a asidi, amene malipoti oyamba adati anali malita 50 miliyoni, adalowa mu Mwambashi n'kutsikira mu Kafue. Nsomba zidafa, mipopi ya ku Kitwe idatsekedwa, ndege za asilikali zidamwaza laimu pamtsinje. Chambishi ali kutali kumtunda, komabe msodzi wa ku Kafue, kapena aliyense wodziwa kuti pa Iolanda ndi pamene amapopa madzi opita ku Lusaka, sakanagona tulo tabwino.

Munthu wowerenga Baibulo sachedwa kukumbukira chaputala 8 cha Chivumbulutso, m'mene nyenyezi yotchedwa Chowawa ikugwera pa mitsinje, madzi n'kuipa, anthu ambiri n'kufa. Chaputala 6 chili ndi njala ndi mliri, chaputala 16 chili ndi mtsinje waukulu wouma. Nkosadabwitsa kuti mawu akuti "tili m'masiku otsiriza" amamveka pamaliro, m'minibasi ndi pamsika. Mawuwa ndi a munthu wotopa amene akufuna kuti mavuto ake akhale ndi tanthauzo, ndipo ngoyenera kuwalemekeza. Chimene ndikutsutsa ndi kuwerenga Danieli ndi Chivumbulutso ngati kalendala yowerengera masiku otsala. Mabukuwa adalembedwera anthu opsinjika kuti adziwe chimene chikuwapsinja, achitchule dzina, ndipo akhulupirire kuti Mulungu sanawataye ngakhale chipulumutso chisanaoneke. Kuwerenga kwa kalendala kumabisa olakwa. Kuwerenga kwachiwiriku kumawaika poyera.

Umboni woyamba ndi wa anthu amene adayamba kumva mabukuwa. Mu 167 Yesu asanabadwe, mfumu Antiochus Epiphanes idaletsa Ayuda kusunga Sabata ndi mdulidwe, idawotcha mipukutu ya malamulo, ndipo idaika guwa lachilendo m'Kachisi wa ku Yerusalemu. Akatswiri ambiri amati buku la Danieli lidamalizidwa m'zaka zimenezo, pamene okhulupirira ambiri amati lidalembedwa ku Babulo zaka mazana anayi m'mbuyo mwake n'kuneneratu zonsezi. Pa nkhani yathu mbali ziwirizi zimakumana, chifukwa zonse zimavomera kuti Ayuda ozunzidwawo adamva bukuli likulankhula kwa iwo. Chimene lidawauza ndi chakuti maufumu amene amadzitcha amuyaya ndi zilombo zotuluka m'nyanja, chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yoyezedwa. Bwalo la milandu lidzakhala pansi, mabuku adzatsegulidwa, ulamuliro udzalandidwa. Kachisi adayeretsedwa mu 164, ndipo Antiochus adamwalira chaka chomwecho. Chivumbulutso nacho ndi kalata, yolembedwa cha m'ma 95 Yesu atabadwa, m'nthawi ya mfumu Domitian, yochokera kwa Yohane ali pa chilumba cha Patmo kupita ku mipingo isanu ndi iwiri ya kumadzulo kwa dziko limene lero ndi Turkey. M'mizinda ngati Efeso, Smurna ndi Pergamo munali akachisi opembedzera mfumu ya Roma, ndipo wokana kupereka ulemu umenewo ankataya anzake, malonda, nthawi zina moyo. Ku Pergamo munthu wina dzina lake Antipa anali ataphedwa kale. Anthu otere sankasowa nthano yowaopseza za zaka 2,000 kutsogolo. Ankasowa mphamvu yodzukira mawa lake osagwada.

Tikayang'anitsitsa masomphenyawo, tiona kuti sakuyandama m'mitambo. Wokwera pa kavalo wakuda wanyamula sikelo, ndipo mawu akulengeza mtengo wa chakudya: tirigu wongokwanira munthu mmodzi tsiku limodzi akugulidwa ndi malipiro a tsiku lathunthu, pamene mafuta ndi vinyo sizikukhudzidwa. Imeneyi ndi njala ya mitengo, imene imapha wosauka n'kusiya wolemera akudya monga kale. Zambia ikuidziwa njala yotere. Mtengo wa ufa udabutsa zipolowe ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndi ku Lusaka mu Juni 1990, ndipo mu 2024 thumba la makilogalamu 25 lidapitirira K300. Chaputala 18 chimapita patsogolo. Babulo, ndiye kuti Roma, akugwa, ndipo omulira ndi mafumu, amalonda ndi eni zombo. Wolemba akundandalika katundu wawo, kuyambira golide, siliva, nsalu zofewa, minyanga ya njovu, mkuwa ndi chitsulo, mpaka kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, pambuyo pa ng'ombe ndi akavalo, akuika anthu. Munthu amene adalemba izi ankadziwa kumene chuma chinkachokera, kumene chinkapita, ndi amene ankalipira ndi thupi lake. Ndipo chaputala 11 chimanena poyera kuti chiweruzo chidzagwera owononga dziko lapansi.

Apa ndi pamene kuwerenga kwa kalendala kumatilakwira. Asidi wa mu Kafue sadagwe kumwamba ngati nyenyezi. Adachokera m'damu lomangidwa ndi anthu, limene linali ndi eni ake, ndi chiphaso, ndi bungwe la boma la ZEMA loyenera kuliyang'anira. Kolera amafalikira m'makomboni momwe zitsime zosaya zayandikana ndi zimbudzi zokumba, ndipo izi zadziwika kwa zaka zambiri. Chilala cha 2024 chidadza ndi El Niño, koma mdima wake udakula chifukwa dziko lidadalira madzi pa magetsi ake oposa magawo 80 pa 100 alionse, ndipo magetsi akazima mitengo yambiri imasanduka makala. Fakitale ya nsalu idatsekedwa ndi zosankha za anthu okhala m'maofesi a ku Lusaka ndi ku Washington. Tikangoti zonsezi zidalembedwa, tawamasula onse amene anali ndi udindo, ndipo tachita zosiyana ndi zimene Yohane adachita.

Wokhulupirira wina angayankhe kuti Mulungu amakwaniritsa mawu ake kudzera m'manja mwa anthu, monga Nebukadinezara anali munthu koma adakwaniritsa zimene Yeremiya adalosera. Yankho limeneli n'lolemera, ndipo sindilikana. Koma Yeremiya yemweyo, atanena kuti Babulo adzagonjetsa Yuda, adanenanso kuti Babulo adzalangidwa chifukwa cha nkhanza zake, ndipo Habakuku adamuimba mlandu womanga mudzi ndi magazi a anthu. M'Baibulo kukwaniritsa ulosi sikufafaniza mlandu. Choncho ngakhale munthu atakhulupirira ndi mtima wonse kuti Chowawa ndi asidi wa ku Chambishi, chikhulupiriro chakecho sichimuchotsera udindo wofunsa za chipukuta misozi cha alimi amene minda yawo idapsa, kapena zotsatira za kuyeza madzi. Chinanso n'chakuti mbadwo uliwonse waona zizindikiro zake: chimfine cha 1918, njala ya 1949 ku Nyasaland, ngozi ya Chernobyl mu 1986, chilala cha 1992. Kuti masomphenya amenewa amafanana ndi nthawi zambiri si kufooka kwake. Akufotokoza mmene mphamvu yopanda malire imakhalira kulikonse kumene yapezeka, ndipo n'chifukwa chake mbadwo uliwonse umadzipezamo. Za tsiku lenileni, Yesu adati palibe wolidziwa, ngakhale angelo.

Mbiri ya dera lathu ikusonyeza mtengo wa kuiwala chenjezo limenelo. William Miller wa ku America ndi omutsatira adayembekeza kubwera kwa Khristu pa 22 Okutobala 1844, tsikulo lidadutsa. Elliot Kamwana adabwera ku Nkhata Bay mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, nabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa, akulalikira kuti mu 1914 ulamuliro wa azungu udzatha pamodzi ndi msonkho. Boma la atsamunda lidamuthamangitsa mu 1909, ndipo chimene 1914 idabweretsa ndi nkhondo imene idatenga amuna ambiri kukasenza mtengatenga. Pa nkhani ya msonkho ndi ulamuliro wachilendo Kamwana adaona bwino, ndipo anthu adamukhamukira chifukwa adatchula chimene chinkawawawa. Chimene chidamugwetsa ndi chaka. Nkhani yoopsa kwambiri ndi ya Tomo Nyirenda, wochokeranso ku Nyasaland, amene mu 1925 adadzitcha Mwana Lesa pakati pa Alala a ku Mkushi. Ubatizo wake udasanduka njira yopezera mfiti, anthu ambiri adamizidwa m'madzi kuno ndi ku Katanga, ndipo iye adanyongedwa ku Broken Hill, Kabwe wa lero, mu 1926. Mlaliki akayamba kufunafuna chilombo pakati pa anansi osauka, wasiya kale buku la Chivumbulutso, chifukwa m'bukulo chilombo chili ndi mpando wachifumu, asilikali ndi ulamuliro pa kugula ndi kugulitsa. Agogo a pamudzi alibe chilichonse cha zimenezi.

Kutsutsa kwina kumachokera mbali yosiyana. Ophunzira ena amati chiyembekezo cha mapeto a dziko chimagonetsa anthu: ngati zonse zidzapsa, kulimbana ndi mgodi wothira asidi n'kwa chiyani? Zimachitikadi, ndipo Paulo adakumana nazo ku Tesalonika, kumene adachita kulamula kuti wosafuna kugwira ntchito asadye. Koma umboni wambiri ukuloza kwina. Mpingo wa Seventh-day Adventist, umene udaphuka m'kukhumudwa kwa 1844 ndipo umalalikira za kubwera kwa Khristu kuposa mipingo yambiri, ndi womwewo udatsegula Malamulo ku Thyolo mu 1902 ndi Rusangu pafupi ndi Monze mu 1905, ndipo uli ndi chipatala cha Mwami kufupi ndi Chipata. Mboni za Yehova ku Malawi, zitaletsedwa mu 1967, zidakana kugula makadi a chipani cha Malawi Congress Party, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zidathawira ku msasa wa Sinda Misale kummawa kwa Zambia, kumene ambiri adafa ndi matenda. Munthu angatsutsane ndi chiphunzitso chawo, koma sanganene kuti Danieli ndi Chivumbulutso zidawafooketsa, pakuti m'nthawi imene pafupifupi aliyense ankaopa, iwo adakana. Ku South Africa, m'busa Allan Boesak adatulutsa buku lofotokoza Chivumbulutso mu 1987, tsankho likadali pachimake, ndipo adapezamo chitonthozo pamodzi ndi mphamvu yotsutsa boma. Yeremiya adagula munda ku Anatoti asilikali a Babulo atazinga kale Yerusalemu, nasungitsa makalata a mundawo mumtsuko kuti akhalitse. Zili ngati mayi amene m'mwezi wa njala amakana kukazinga chimanga chambewu chimene adapachika kudenga, ana akulira. Sachita zimenezi chifukwa chosamva njala, koma chifukwa akudziwa kuti dzinja lina likubwera.

Funso lovuta kuposa onse ndi la kukhulupirika kwa Mulungu. Bambo amene adagwira ntchito zaka zambiri pa makina oombera nsalu, natsala akudikira ndalama zake zopumira mpaka kukalamba, ali ndi chifukwa chofunsira kuti kukhulupirikako kuli pati. Aneneri ena a masiku ano amayankha kuti Mulungu wokhulupirika amaonekera pa galimoto, nyumba ndi ntchito, ndipo amene alibe zimenezi abzale mbewu ya ndalama kapena agule mafuta odzozera. Chivumbulutso chimatsutsa chiphunzitso chimenechi mwachindunji. Mwa mipingo isanu ndi iwiri ija, wa ku Laodikaya unali mumzinda wolemera kwambiri, umene chivomezi chitaugwetsa m'chaka cha 60 udadzimanganso ndi ndalama zake osapempha ku Roma. Mpingo umenewo ndi umene ukudzudzulidwa koopsa. Wa ku Smurna unali wosauka ndi wozunzika, ndipo sukudzudzulidwa pa chilichonse. Komanso sukulonjezedwa kuti mavuto atha: ukuuzidwa kuti ena aponyedwa m'ndende, ndipo apirire kufikira imfa. Anyamata atatu a m'buku la Danieli, ali pakhomo pa ng'anjo, adauza mfumu kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa, koma ngakhale atapanda kutero iwo sagwadira fano. M'chaputala 6 cha Chivumbulutso ophedwa akufuula kufunsa kuti chilungamo chichedwa mpaka liti, ndipo sakudzudzulidwa chifukwa chofunsa. Ndiye kuti mayi wa ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound amene amafunsa funso lomwelo pamanda a mwana wake sakuchimwa, ndipo m'busa womuletsa kulira akumuletsa chimene Malemba amalola.

Kukhulupirika kumene mabukuwa akulonjeza ndi kwakuti choipa chili ndi malire, Mulungu ali pakati pa ovutika ndipo sali kumbali ya owavutitsa, ndiponso palibe chochitidwa mumdima chimene chidzaiwalike. Gawo lina la lonjezoli limaoneka ndi maso, ngakhale kuti limabwera mochedwa ndipo limadzera m'manja mwa anthu. Chiletso cha Mboni ku Malawi chidachotsedwa mu 1993. Mipingo ya ku Zambia, mothandizana ndi Jesuit Centre for Theological Reflection, idatsogolera kampeni ya Jubilee yopempha kuti ngongole zikhululukidwe, potsamira pa lamulo la chaka cha ufulu la m'buku la Levitiko, ndipo kuyambira mu 2005 ngongole zambiri za dzikoli zidafafanizidwa. Chapakati pa zaka zomwezo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa kwaulere, ndipo zipatala za mipingo, zogwirizana pansi pa Churches Health Association of Zambia, zidathandiza kuwafikitsa kumidzi. Edzi imene inkaoneka ngati mapeto a dziko idasanduka matenda amene munthu amakhala nawo n'kulera ana ake. Ku Kafue kudabwera fakitale ya zitsulo, ndipo mvula idabwereranso pambuyo pa chilala cha 2024. Wosakhulupirira adzati zonsezi ndi ntchito za anthu ndi nyengo basi, ndipo palibe sikelo yoyezera kuti timutsutse. Wokhulupirira amaona dzanja la Mulungu m'menemo, koma ayenera kuvomera kuti ngongole idabwereranso mpaka Zambia idalephera kulipira mu Novembala 2020, ndiponso kuti mankhwala aja adafika anthu ochuluka ataikidwa kale m'manda.

Ndi chifukwa cha akufawo kuti mabukuwa sangaime pa za moyo uno zokha. Chaputala chomaliza cha Danieli ndi amodzi mwa malo ochepa m'Chipangano Chakale amene amanena momveka za kuuka kwa akufa, ndipo chimanena zimenezi pofotokoza nthawi ya chizunzo, pamene olungama akufa osaona chilungamo. Popanda kuuka ndi chiweruzo, amene adafa ndi kolera mu 2024 kapena amene adamwalira akudikira malipiro ake angokhala chiwerengero, ndipo amene adapindula ndi kuchedwako wapambana. Chiphunzitso cha mabuku otsegulidwa chimakana zimenezo. Palibe angatsimikize chiphunzitsochi ndi umboni wa m'khoti, koma zotsatira zake pa moyo wa tauni ngati Kafue n'zogwirika. Mpingo umene umakhulupiriradi kuti mbiri ya munthu aliyense yalembedwa sungauze amasiye a wantchito wa pafakitale kuti aiwale, pakuti mwini wake adapita. Ngongole ya malipiro siifa ndi mwini wake, ndipo ana ake ali ndi ufulu wopitiriza kuifunsa ku maofesi oyenera, mpingo ukuwathandiza kusunga mapepala, kulemba makalata ndi kuwaperekeza.